Ngalawa ya Jumbe inalibe chiwongolero cha gudumu

Kwathu ku Sharpevale kulibe nyanja. Tili ndi njanji, tili ndi msewu wa M5, tili ndi malambe komanso dzuwa la m'chigwa cha Bwanje lomwe mu Okutobala limachita kukuwotcha ngati mbatata, koma madzi oti chombo n'kuyandamapo tilibe. Usipa timauona utauma kale pa benchi kumsika. Ndiye mukamva kuti mphunzitsi wina kuno watha miyezi 7 akukhoma kangalawa ka matabwa, sekani ndithu, simulakwa. Mayi a kunyumba anaseka, aphunzitsi anzanga anaseka, ndipo malume, amene anandiphunzitsa kugwira tchizulo ndili mu Sitandade 5, anaseka kuposa onse.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kuno. Chaka chilichonse timafika pa mutu wa malonda a akapolo: Ayao, Jumbe wa ku Nkhotakota, Mlozi wa ku Karonga, ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. Ana amaloweza bwinobwino kuti anthu ankawolotsedwa nyanja pa dhow, ndipo pa mayeso amalemba mawuwo osaphonya chilembo. Koma chaka chatha nditawauza kuti aliyense ajambule dhow pa pepala, zimene zinabwera zinandiziziritsa nkhongono. Ena anajambula Ilala, utsi uli tolotolo. Ena anajambula bwato. Mnyamata wina wanzeru kwambiri anajambula chisitima cha milongoti itatu, mizinga m'mbali, mbendera ya chigaza pamwamba, zija za m'mafilimu a ku vidiyo sho. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa maonekedwe a chinthu chimene chinanyamula makolo awo.

Malume ndi mmisiri weniweni. Zaka zambiri akhala akugulitsa ziboliboli mumsewu wa Khwekhwerere, uja wokwera kuchoka pa Golomoti kupita ku Dedza, kumene mumapeza timagalimoto, tinjinga, timathirakitala ndi tindege ta matabwa tili ndandanda m'mbali mwa msewu. Iwo Land Rover amaisema mpaka zitseko kumatseguka. Masitima nawonso amasema, a milongoti itatu omwe aja, potengera chithunzi cha pa kalendala yakalekale, chifukwa azungu amagula. Nditawafotokozera cholinga changa anati, "Aa, mphwanga, zimenezo ndi za masabata awiri. Ubweretse guluu ndi vanishi basi."

Ndinawauza kuti sindikufuna sitima wamba. Ndinkafuna ngalawa imodzi, yodziwika chaka chake ndi malo ake.

Ngalawa imeneyo ilipo m'mbiri. Mu Seputembala 1863 David Livingstone anafika pa Nkhotakota n'kupeza mkulu wa amalonda a pamenepo, amene iye anamulemba dzina loti Juma ben Saidi ndipo ambiri amati ndi Jumbe yemweyo, ali kalikiliki kukhomitsa ngalawa ya thanga yolowa m'malo mwa ina imene inasweka. Livingstone, kaya tizimukonda kaya ayi, anali ndi chizolowezi chimodzi chothandiza: ankayeza chilichonse. Anasiya miyeso: mafiti 50 mulitali, mafiti 12 mulifupi, mafiti 5 kuya kwake. M'mamita ndiye pafupifupi 15, 3.7 ndi 1.5. Anatchulanso mitengo: matabwa anali a mtengo umene anaumva akuutchula kuti timbati, nthiti zake za msoro. Mtumbati ndi dzina la mlombwa ku Chiyao, ndipo msolo tonse timaudziwa, uli mbwee m'mapiri mwathumu. Tsiku limene ndinawerenga zimenezi pa foni, bando ili pafupi kutha, ndinamva ngati munthu wandipatsira pulani ya nyumba pa windo.

Ndinasankha kuchepetsa chilichonse ka 20. Ndiye kuti kangalawa kanga kanayenera kukhala masentimita 76 mulitali, 18 mulifupi, ndi 7 ndi theka kuya. Munthu wamkulu woimirira, pa muyeso womwewo, ndi masentimita 8. Sungani nambala ziwiri zomalizazi, 7 ndi theka komanso 8.

Mlombwa masiku ano ndi wosowa, ndipo sindinafune kukhala wothandiza kumaliza wotsalawo. Tinagwiritsa ntchito chitseko chakale cha nyumba ya anganga yomwe inagwa ndi mvula. Malume anacheka timatabwa topyapyala ngati chikuto cha buku, ine n'kumatifewetsa m'madzi otentha kuti tipindike. Nthiti sitinazidule pa thabwa ayi. Okhoma ngalawa zoterezi amafunafuna nthambi zokhota kale mwachilengedwe, chifukwa mtengo wokula chokhota suthyoka pa khona, ndiye nafenso tinakwera phiri kukasaka tinthambi ta msolo tokhota. Matabwa amagundana m'mbali popanda kusanjikizana, misomali imabowoleza n'kupindidwira mkati, ndipo m'mipata amatsekamo thonje lonyowetsedwa ndi mafuta. Misomali yathu inali ya waya wa m'mabuleki a njinga. Thupi la ngalawa linatitengera miyezi itatu, ndipo pa miyezi yonseyo sitinakangane ngakhale kamodzi.

Mkangano unayamba titafika pamwamba, pamene anthu okwera Ilala amati pa deki.

Tsiku lina Loweruka ndinapeza malume atasema kale chiwongolero. Kagudumu kokongola zedi, ka phingo wakuda bii, zogwirira zake 8, kozungulira bwinobwino pa msomali. Anatha masiku atatu akukasema. Ndinakagwira, ndinakayamikira, kenako ndinati, "Malume, pepani, koma akaka sikakwera nawo."

"Sitima yopanda sitiyaringi unaionapo kuti iwe?"

Ndinawaonetsa pa foni. Mnzanga wina amene amagwira ntchito ku Likoma anali atanditumizira timavidiyo pa WhatsApp ta ngalawa za thanga zimene mpaka lero zimadutsa pakati pa chilumbacho ndi Cobue ku Mozambique. Kumbuyo kwa ngalawa kuli tsigiro, thabwa lalikulu lolowa m'madzi, ndipo pamutu pa tsigirolo alowetsapo mtengo umodzi wowongoka. Woyendetsa amakhala pansi, mtengowo uli m'khwapa, akafuna kupita kumanja amaukankhira kumanzere. Basi. Chiwongolero cha gudumu chimafuna zingwe ndi timagudumu tobisika, ndipo ndi cha zombo zikuluzikulu zimene tsigiro lake munthu mmodzi sangalimbane nalo ndi manja. Ngalawa ya mamita 15, yokhomedwa pa mchenga ndi nsompho, sinkafunika zonsezo.

Malume anaonera kavidiyoko kawiri. Anati, "Ndiye ndi ngolo imeneyi, si sitima." Kagudumu kaja anakaika m'thumba la malaya. Sanandiyankhule mpaka nthawi ya nsima.

Timavidiyo timeneti tinandithandiza kwambiri, koma tinkafunika kutionera ndi maso awiri. Ngalawa za lero zili ndi zingwe za nayiloni zabuluu, matanga ena ndi osokedwa ndi matumba, madzi amakapa ndi chigubu chodula, ndipo zina kumbuyo zapachikidwa injini ya Yamaha. Ntchito yanga inali yochotsera: kuyang'ana chinthu chilichonse n'kudzifunsa kuti, kodi ichi mu 1863 chikanachokera kuti? Nayiloni kunalibe, ndiye zingwe ndinapota ndekha pa ntchafu ndi ulusi wa khonje, mopyapyala, n'kuziviika mu tiyi kuti zide. Thanga ndinasoka ndi nsalu yoyera yosayeretsa, yofanana ndi merikani imene amalonda a ku Zanzibar ankabwera nayo m'mitolo kudzasinthanitsa ndi minyanga ndi anthu. Mayi a kunyumba ndi amene anasoka mizere yake pa makina, chifukwa thanga lenileni silikhala chinsalu chimodzi, limalumikizidwa ndi nsalu zazitali zopapatiza. Chokapira madzi ndinasema ngati chipanda.

Pamene ndinatherapo nthawi yambiri ndi pa mlongoti ndi zingwe zake, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuwapatsa ulemu anthu amene ankayendetsa zombozi, ngakhale ntchito yawo inali yoipa. Mlongoti ndi umodzi, waufupi, wonenepa, ndipo suima chilili. Umawerama kutsogolo ngati munthu wosenza thumba la chimanga. Malume ataona ndikuuika chopendeka anaganiza kuti dzenje ndalibowola mokhota, anafuna kutenga chobowolera akonze. Koma kupendekako kuli ndi chifukwa. Thanga la dhow ndi la ngodya zitatu, kapena tinene pafupifupi zitatu poti kutsogolo limadulidwa pang'ono, ndipo limapachikidwa pa mtanda wautali kwambiri, wotalika pafupifupi ngati ngalawa yomwe. Mtengo umodzi wotalika chotero n'ngovuta kuupeza, ndiye amalumikiza iwiri kapena itatu ndi zingwe. Tsopano ngalawa ikafuna kutembenuka kuti mphepo iziwomba mbali inayo, mtanda wonsewo amauimika n'kuuzungulitsa kutsogolo kwa mlongoti. Mlongoti ukawerama kutsogolo, mtandawo umalendewera patali ndipo umazungulira mosakodwa.

Pa chifukwa chomwechi, makwerero a zingwe aja mumaona pa masitima a m'mafilimu, amalinyero akukwera ngati anyani, pa dhow palibe. Zingwe zogwira mlongoti sizimangidwa kamodzi n'kuiwalako. Zimamasulidwa ndi kusamutsidwira mbali imene mphepo ikuchokera nthawi iliyonse ngalawa ikatembenuka. Chingwe chachikulu chokwezera thanga chimadutsa pamutu pa mlongoti n'kutsikira kumbuyo, kumene chimakokedwa kudzera m'timagudumu ta mtengo, ndipo chomwecho chimathandiza kuti mlongoti usagwere kutsogolo. Timagudumu timeneti pa muyeso wanga tinali tating'ono ngati njere ya nyemba. Ndinathyola tisanu ndisanapeze kogwira. Malume, amene anali akadali okwiya ndi nkhani ya sitiyaringi, anangonditola tchizulo m'manja osayankhula n'kusema tinayi pa ola limodzi.

Mukaganiza za mwera, mphepo ya kummwera ija imawomba nyengo yozizira mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda, ndiye muganize anthu angapo akuzungulitsa mtanda wa mamita oposa 10 pakati pa mafunde, opanda injini yowapulumutsa zikavuta. Nyanjayi siseka ndi munthu. Mu 1895 inamiza Bishopu Chauncy Maples pa ngalawa ya thanga akupita ku Nkhotakota komweko, ndipo pa 30 Julaye 1946 inameza Vipya, sitima yachitsulo yatsopano, pamodzi ndi anthu 145.

Nangula sanativute. Malume ankafuna uja wa ngowe ziwiri wojambulidwa pa zipewa za asilikali a pamadzi, ine ndinati wa zala zinayi ngati phazi la nkhuku, umene zombo za Aswahili zimagwiritsa ntchito, ndipo anavomera msanga chifukwa ndi wosavuta kupinda ndi waya. Kumbuyo tinaika kansanja kokwera pang'ono pokhala woyendetsa ndi mwini katundu, ndi kadenga ka masamba a mlaza kotchinga dzuwa. Kutsogolo kansanja kena kakang'ono poponyera nangula. Tinaikanso kabokosi kodzaza mchenga kosonkhapo moto, poti moto pa matabwa sungausonkhe pena paliponse, ndi nsungwi ziwiri zazitali zokankhira ngalawa pamadzi osaya.

Pali chinthu china chimene ndinangotsala pang'ono kuchitengera ku zithunzi za ku Zanzibar, koma mwana wa Fomu 3 amene ankabwera kudzationerera anachiimitsa ndi funso limodzi. Zombo za ku nyanja ya mchere zimanyamula thanki kapena migolo ikuluikulu ya madzi akumwa. Ndinkamufotokozera za migoloyo, iye n'kuti, "Sala, nanga madzi a m'nyanja yathu si akumwa kale?" Zoona zake. Pa nyanja ya Malawi ukamva ludzu umangotunga m'mbali mwa ngalawa. Migolo sinakwere.

Kenako inabwera nkhani ya mizinga, ndipo apa malume anali ndi umboni. "Usandinamize, mphwanga. Mzinga ndinauona ndi maso angawa ku Mangochi, pafupi ndi wotchi ija ya pa mlatho. Anandiuza kuti unali pa sitima." Sananame. Mfuti imeneyo ilipodi, ya mtundu wa Hotchkiss, ndipo inachokera pa Guendolen, sitima ya nkhondo ya boma la atsamunda. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, ku Mangochi komweko, anakonza chifanizo cha pamwamba pa sitimayi, ndipo amene mumakonda mbiri mukapiteko. Guendolen ndi imene mu Ogasiti 1914, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Koma Guendolen inalowa m'madzi mu 1899, patapita zaka 36 kuchokera pamene ngalawa yanga inkakhomedwa, ndipo inali yachitsulo, yoyendera nthunzi. Kuika mzinga wake pa ngalawa ya Jumbe kuli ngati kujambula John Chilembwe atagwira foni. Anthu a Jumbe mphamvu zawo zinali mfuti za gogodera ndi wonga. Ndinasema tiwiri n'kutitsamiritsa pa kansanja ka kumbuyo. M'malo mwa mbendera ya chigaza ndinapachika kansalu kofiira kopanda chilembo, monga inalili mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar, amene a Jumbe ankati akuimira.

Zombozi sizinali zoseweretsa kwa atsamunda. Mu Disembala 1891 Captain Cecil Maguire anaphedwa kutsidya la kum'mawa akuyesa kuwononga ngalawa za Makanjira, ndipo dzina la Fort Maguire linachokera pamenepo. Ngakhale dzina la kwathu kuno ndi la nthawi yomweyo. Alfred Sharpe, loya amene anabwera kudzasaka njovu, anamenya nawo nkhondo ya ku Karonga yolimbana ndi Mlozi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, analowa m'malo mwa Harry Johnston mu 1896, ndipo kuyambira 1907 mpaka 1910 anali bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland. Ana anga ndimawauza zonse ziwiri: boma limene linathetsa zombo za akapolo ndi lomwelonso linapha Inkosi Gomani mu 1896 n'kutibweretsera msonkho wa nyumba. M'nkhani imeneyi anthu oyera m'manja ndi ochepa.

Vanishi ndinakana. Ngalawa yogwira ntchito sinyezimira ngati kabati ya pabalaza. Ndinapaka mafuta ophikira pang'ono n'kupukuta ndi phulusa m'malo moponda mapazi.

Tsopano pakati pa ngalawa, pakati pa tinsanja tiwiri tija, panatsala dzenje lotseguka. Malume ankafuna tikhomepo matabwa kuti paoneke bwino, mwina ndi kachitseko. Koma dzenjelo ndiye ngalawa imene. Mmenemo pansi munkaikidwa miyala yoti chombo chisagudubuzike, pamwamba pa miyalapo katundu: minyanga ya njovu ndi anthu. Kumbukirani nambala zija. Kuya 7 ndi theka, munthu 8, ndipo miyala yadya kale gawo lina. Munthu ankakhala chonjuta, maondo pachifuwa, dzuwa ndi mafunde zikumupeza pomwepo, mpaka kutsidya ku Losefa, kumene unkayambira ulendo wa pansi wa miyezi wopita ku Kilwa. Livingstone analemba, potengera kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, kuti anthu okwana 19,000 ochokera dera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anafika amoyo.

Pa intaneti mupeza zofotokoza za zombo za akapolo za ku Indian Ocean zokhala ndi nsanja za nsungwi zosanjikizana, ndiponso zithunzi zomvetsa chisoni za mu 1868 za anthu opulumutsidwa ndi sitima ya HMS Daphne. Zimenezo ndi za ku nyanja ya mchere, ndipo ndinazisiya komweko. Zoipa za pa nyanja yathu n'zokwana kale, sizifunika kubwerekera kwina kuti ziwope.

Anganga, asanamwalire, ankakonda kusimba za mng'ono wa agogo awo amene anapita kumadzi m'mawa ndi mtsuko osabwerakonso. Mtsuko anaupeza, wosasweka. Ankangoti "anapita naye kunyanja". Kuchokera m'chigwa chathu chino, njira yachidule inali ya kwa Mponda kapena kwa Makanjira osati Nkhotakota, ndiye sindinganene kuti anakwera ngalawa imene ndinkakhomayi. Koma Makanjira naye anali ndi zombo za mtundu womwewu. Nditawakumbutsa malume nkhaniyi, anandiyang'ana n'kuti, "Ukamanena zimenezo uzikumbukanso kuti bambo ako ndi Mngoni. Ogwira anthu aja sanali ochokera ku Zanzibar okhaokha." Sindinayankhe. Ankanena zoona, ndipo ndi chifukwa china chimene ndinkafunira kuti dzenjelo likhale lotseguka.

Apa ndi pamene panalowa ndalama. Malume anaika chithunzi cha kangalawako pa status, chinazungulira, mpaka chinafika kwa mkulu wina amene ali ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Anaimba foni. Ankafuna kukaika pa shelefu m'chipinda chodyera, ndipo mtengo umene anatchula unali wokwana matumba awiri a feteleza, mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana. Koma anali ndi zofuna zake: kapakidwe vanishi, kakhale ndi chiwongolero chooneka, ndipo timagoli timene ndinali nditayamba kuika m'dzenjemo tichotsedwe, chifukwa alendo akamadya chambo safuna kuona zoterozo.

Usiku umenewo malume anabwera kunyumba, anakhala pa khonde, anakana tiyi. "Aphunzitsi," anatero, ndipo akanditchula choncho ndimadziwa kuti zavuta, "mbiri yanuyo tidzathira m'munda? Chitseko chinali cha mayi anga. Manja ndi anga. Inu malipiro amabwera mwezi ukatha, ine ndimadya zimene ndasema." Panalibe bodza m'mawu awo. Anthu amene timakonda kunena za kusunga mbiri nthawi zambiri ndife amene tili ndi pena potsamira. Mmisiri wa pa Khwekhwerere amene amaika mizinga pa sitima sikuti ndi mbuli, amadziwa chimene chimaimitsa galimoto.

Ndinawapempha sabata imodzi. Mayi a kunyumba ndi amene anamasula mfundoyo, akutsuka mbale, osatembenuka n'komwe: "Bwanji malume angosema ina ya mkuluyo? Kagudumu kaja si ali nako?" Tinagula matabwa a malaina ndi ndalama ya m'nyumba, ine ndinathandiza kukwecha ndi sandipepa usiku uliwonse, ndipo m'masabata atatu malume anatulutsa chisitima cha milongoti itatu, mizinga 6 mbali iliyonse, makwerero a zingwe, vanishi waliwali, kagudumu ka phingo kali pamalo pake. Chinali chokongola, ndisaname. Mkulu uja anakondwa kuposa mmene akanakondwera ndi changa. Chimodzi chokha ndinapempha: pasalembedwe dzina la Jumbe kapena la Nkhotakota. Malume analemba dzina la mdzukulu wawo wamkazi. Feteleza anagulidwa.

Atabwerako kokapereka, anafika pa benchi, anatola timagoli tanga tija n'kutiyang'anitsitsa. Ine ndinali nditatilumikiza ndi guluu, timitengo tiwiri pa kamtengo kamodzi. Anapukusa mutu. "Goli salumikiza. Amadula mtengo wa mphanda, wobadwa choncho. Wolumikiza munthu akhoza kuuthyola." Anapita kuseri kwa nyumba, anabwera ndi tinthambi ta mphanda todzaza dzanja, anatidula masentimita 10 kalikonse, ndipo kukamwa kwa mphanda iliyonse anabowola n'kupisamo kawaya, m'malo mwa chitsulo chimene chinkatsekera khosi la munthu. Anagwira ntchitoyo masana onse osaimba nyimbo, iwo amene sasema popanda kuimba.

Mu Januwale, madzi atadzaza pa chithaphwi china cha kufupi ndi njanji, malume anaumirira kuti tikayese ngati kamayandama, poti kwa iwo ngalawa yosalawa madzi ndi mbale. Tinathira timiyala pansi, tinakweza thanga, ndinamangirira kamtengo ka tsigiro ndi ulusi. Kamphepo katawomba, kanapendekera mbali imodzi, kanaima kaye ngati kakuganiza, kenako kananyamuka mpaka kutsidya, ana a m'mudzi akuthamangira m'mbali ndi mfuu. Madzi analowa okwana supuni ziwiri. Malume anati thonje tinaika lochepa kutsogolo, ndipo anakonza tsiku lomwelo.

Ku kalasi ndinapita nako teremu yachiwiri. Sindinaseme tianthu. Ndinauza mwana aliyense kuti abwere ndi kamtengo konenepa ngati chala chachikulu, kotalika masentimita 4, womwe ndi msinkhu wa munthu wokhala chonjuta pa muyeso wathu, ndipo alembepo dzina lake. Tsiku limenelo m'kalasi munali ana 74. Ankabwera mmodzimmodzi, mzere ndi mzere, aliyense n'kuimika kamtengo kake m'dzenje muja, moyandikana. Poyamba kunali phokoso ndi nthabwala, wina akuti asamuike pafupi ndi uje. Titadutsa 50 phokoso linachepa. Wa nambala 74 anapeza malo pafupi ndi tsinde la mlongoti, ndipo panatsalabe kampata koti n'kuikapo minyanga iwiri.

Mnyamata wa chisitima cha mizinga uja anafunsa kuti nanga chimbudzi chinali pati. Ndinamuonetsa kabokosi kolendewera kunja kumbuyo, pafupi ndi kansanja ka woyendetsa, ndipo ndinamusiya ayeze yekha ndi maso mtunda wochoka pamene panali kamtengo kake kukafika pamenepo, kudutsa pamitu pa anzake onse. Mtsikana wina wa kutsogolo anaimika dzanja n'kufunsa ngati angachotsemo kake. Ndinati inde. Anakatenga n'kukaika m'thumba la yunifolomu, ndipo ena anayamba kudzuka kudzatenga tawo, mpaka belu la bureki linalira tikuchotsabe.

Kangalawako pano kamakhala pamwamba pa kabati mu ofesi ya ahedi, kokutidwa ndi chitenje chifukwa cha fumbi ndi mavu omanga zisa. Aphunzitsi a pa sukulu ina ya ku Kasinje apempha kuti adzakabwereke teremu ikubwerayi, ndipo malume ayamba kale kukhoma bokosi loti kadzayendere pa kabaza mlongoti osathyoka.